Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsa area mkalasi ya masamu osaphonya zomwe silabasi ikufuna

Ndaphunzitsa masamu ku makalasi a sinia kwa zaka ndithu, ndipo tikakumana ku TDC (malo okumanirako aphunzitsi a mzoni) kaya pa CPD (maphunziro owonjezera luso la aphunzitsi) ya pasukulu, mutu wa area suchedwa kutuluka. Mafunso ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, nde ndati ndingowasonkhanitsa pamodzi ndiyankhe mmene ndimachitira ine mkalasi mwanga. Aphunzitsi anzanga, tengani zomwe zingakuthandizeni.

Kodi area pa Chichewa tingati chani, poti ana akangomva mawuwa amangoti kakasi?

Ine ndimati kukula kwa pamwamba pa chinthu, kapena malo amene chinthu chaphimba. Koma kunena zoona tanthauzo la pakamwa silithandiza kwenikweni, chomwe chimathandiza nkuwaonetsa. Yalani mphasa pansi, yalaninso chitenje pambali pake, muwafunse kuti chaphimba malo aakulu ndi chiti. Mwana aliyense ayankha, ngakhale uja amakhala kumbuyo osayankhula. Akayankha muwafunsenso kuti chaposa chinzake ndi bwanji, apa mpomwe amayamba kuganiza chifukwa alibe nambala yoti anene. Nambala imene akusowayo ndiye area. Mawu a Chingereziwo ndimawapatsa pambuyo, akaona kaye chinthu chimene tikuchitchulacho, ndipo sindiwabisira ayi chifukwa mayeso adzawapeza mawu omwewo.

Bwanji osangowapatsa fomyula ya mulitali kutaimusa mulifupi basi? Piriyodi ndi mphindi 35 zokha

Funso limeneli ndimalimvetsa kwambiri chifukwa nanenso ndinkatero. Ndinkalemba pa bolodi A = L × W, ana nkuimba katatu, zitsanzo ziwiri, ntchito mkope, ndachonga, ambiri akhoza, ine mtima mmalo. Tsiku lina ndinajambula rekitango ya timabokosi 5 mulitali ndi 3 mulifupi, timabokosi take tikuoneka bwinobwino, osalemba nambala ina iliyonse mmbali, nkufunsa area. Kalasi yonse zii. Mtsikana wina wanzeru ndithu anabwera kutsogolo nkuyamba kuwerenga mizere yoimirira ija, anapeza 6, yopingasa anapeza 4, nkulemba 24. Sanawerenge mabokosi, anawerenga mizere, chifukwa palibe anamuuzapo kuti chimene tikuwerenga pa area ndi masikweya ophimba malo. Vuto silinali lake, linali la kaphunzitsidwe kanga, ndipo zinandikhudza kwambiri tsiku limenelo.

Fomyula ndi njira yachidule yowerengera masikweya, basi. Mwana akayala masikweya 5 pa mzere umodzi, nkuyala mizere yotere itatu, amaona yekha kuti 5, 10, 15, ndipo wina amakuwa ndithu kuti aphunzitsi bwanji tingotaimusa. Fomyula ikatuluka pakamwa pa mwana chonchi siiwalika msanga. Zimadya piriyodi imodzi kapena ziwiri poyamba, koma mumazibweza kutsogolo chifukwa thirayango, parallelogram, trapezium, zonsezo zimatsamira pa mfundo yomweyi ndipo simukhalanso mukubwereza kuyambira pachiyambi mutu ulionse.

Ana anga amasokoneza area ndi perimeter nthawi zonse. Ndipange bwanji?

Awa ndi matenda a kalasi iliyonse. Chimodzi chomwe chimayambitsa nkuti timaphunzitsa mitu iwiriyi motsatizana, pa chithunzi chomwecho, manambala omwewo, nde mwana amangoloweza kuti pena timaphatikiza pena timataimusa, akafika pa mayeso amangochita mwayi. Ine ndimasiyanitsa ndi ntchito yake. Perimeter ndi mpanda wozungulira dimba, area ndi nthaka yomwe ukalimemo. Perimeter ndi chingwe, area ndi mphasa.

Kenako ndimatenga chingwe cha mamita 24, timamanga mfundo kumapeto, tituluke panja. Ana anayi agwire makona apange rekitango ya 11 ndi 1, ena ayeze ndi ndodo ya mita imodzi nkujambula masikweya pa dothi ndi kamtengo, apeza 11. Asinthe apange 10 ndi 2, apeza 20. Kenako 8 ndi 4, apeza 32. Pomaliza 6 ndi 6, apeza 36. Chingwe nchomwechi, sitinadule sitinawonjezere, koma malo mkati achoka pa 11 kufika 36. Ana amadabwa zedi, ena amafuna kuyezanso chingwecho kuti mwina tachikoka. Ndikawafunsa kuti bambo ako ali ndi waya wa mamita 24 akufuna khola la mbuzi lalikulu, uwauza amange lotani, yankho limabwera lokha. Pambuyo pa phunziro limeneli kusokoneza kumachepa kwambiri, sikutheratu ayi koma ukangoti chingwe kapena mphasa mwana amadzikonza yekha.

Ndili ndi ana oposa 100 ndipo sukulu ilibe zipangizo. Zimenezi zingatheke?

Zimatheka, ndipo apa mpomwe TALULAR (kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka mdera) yomwe tinaphunzira ku koleji ya uphunzitsi (TTC) imagwira ntchito yeniyeni. Makatoni akale a ku golosale, dulani masikweya a 10 cm mbali zonse, gulu lililonse lilandire 20 kaya 30. Mukadula kamodzi mumasunga mu thumba la shuga, chaka chamawa muli nawo kale. Ana a Sitandade 8 atha kukuthandizani kudula, nawonso akuphunzira kuyeza pomwepo. Makope a masamu a timabokosi aja nawonso ndi chipangizo, mwana aike dzanja lake kaya tsamba la mango pa pepala, azungulize ndi pensulo, awerenge timabokosi tathunthu, toposa theka awerenge ngati tathunthu, tochepera theka asiye. Apeza area ya chinthu chomwe chilibe fomyula, ndipo izi zimamutsimikizira kuti area si ya marekitango okha.

Kalasi ikakhala yodzadza tulukani panja. Bwalo la netball lili pafupifupi pasukulu iliyonse, muyezo wake wovomerezeka ndi mamita 30.5 mulitali ndi 15.25 mulifupi, zomwe zimapereka masikweya mita pafupifupi 465, ndipo linagawidwa kale patatu mofanana nde muli ndi samu ya kugawa yaulere pomwepo. Chofunika nkuti gulu lililonse likhale ndi ntchito yodziwika ndi wolemba wake musanatuluke, apo ayi panja pamasanduka nthawi ya buleki.

Nanga akamati phunziro ligwirizane ndi silabasi amatanthauza chani kwenikweni? Ine ndimakopera success criteria (zomwe mwana ayenera kutha kuchita pakutha pa phunziro) mu lesoni pulani, si zomwezo?

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timaphonya. Silabasi ya pulayimale yomwe inabwera ndi PCAR (kusintha kwa maphunziro ndi kayesedwe ka ku pulayimale) kuyambira 2007, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, inamangidwa pa zomwe mwana azitha kuchita akamaliza kuphunzira, osati zomwe mphunzitsi wanena. Nchifukwa chake mukaitsegula mumapeza madanga, lina la assessment standards, lina la success criteria, lina la mutu, lina la ntchito zomwe mungachite ndi ana, njira zoyesera, ndi zipangizo. Area imagwera mu gawo la measurement koma imayenda limodzi ndi space and shape, chifukwa mwana amene sadziwa kuti parallelogram ndi chani sangapeze area yake.

Tsono kukopera success criteria pamwamba pa lesoni pulani ndi chiyambi chabe. Chomwe ndimachita ine nkuyang'ana mneni amene ali mmenemo. Ngati akuti mwana athe kuyerekeza, ndiye kuti mphunziro langa payenera kukhala nthawi yomwe mwana akuyang'ana tebulo nkunena kuti ine ndikuona ngati masikweya 40, kenako ayeze aone ngati anayandikira. Ngati akuti athe kuyeza, rula kapena masikweya akhale mmanja mwa mwana osati mwa ine. Ngati akuti athe kuwerengetsera, apo ndiye fomyula ndi kope. Ngati akuti athe kuthana ndi masamu a moyo wa tsiku ndi tsiku okhudza area, mwana alandire nkhani ya dimba kaya chipinda yomwe sinamuuze kuti gwiritsa fomyula yakuti, asankhe yekha. Aneni amenewa ndi osiyana, ndipo phunziro lomwe pamwamba palembedwa kuyeza koma mphindi 35 zonse ana akukopera za pa bolodi silinagwirizane ndi silabasi, ngakhale pepala lake litaoneka bwino chotani ndipo ahedi asainira.

Nde ndisanalowe mkalasi ndimadzifunsa zinthu zitatu motsatizana ndithu. Silabasi ikuti mwana athe kuchita chani, ndi mphindi ziti mphunziroli zomwe mwanayo akhale akuchita chimenecho ndi manja ake, ndipo pomaliza ndimufunsa funso lanji loti ndione ngati wachithadi. Zitatuzi zikalozera kumodzi ndiye kugwirizana kumene akunenako. Sikimu nayonso iyende chimodzimodzi, muyambe mwaona success criteria zonse za mutuwo nkuzigawa pa masiku, osati kugawa masamba a buku.

Chinanso, tsegulaniko silabasi ya kalasi ya mmbuyo ndi ya kutsogolo. Zimatenga mphindi zochepa koma mumadziwa chomwe ana anayenera kubwera nacho ndi komwe akupita, ndipo simutaya sabata kuphunzitsa za kalasi ina.

Kodi ma National Education Standards aja ndi omwewa a mu silabasi?

Ayi ndi zinthu ziwiri. National Education Standards anatuluka ku unduna wa zamaphunziro mu 2015, alipo 26, ndipo amayang'ana sukulu yonse, zomwe ana akupindula, kaphunzitsidwe, utsogoleri wa sukulu ndi kayendetsedwe kake. Ndi omwe a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale mzoni) ndi oyendera sukulu amagwiritsa ntchito akabwera. Sakuuzani kuti area muphunzitse motani, koma akakhala kumbuyo kwa kalasi yanu amafuna kuona ngati munakonzekera, ngati mutu mukuudziwa, ngati ana onse akutengapo mbali kuphatikizapo ovutika kuphunzira, ndiponso ngati mukuyesa kuti amva. Phunziro la chingwe lija kapena la masikweya a katoni limayankha zonsezi palokha popanda kuchita chionetsero chapadera tsiku la alendo.

Nditsate chiti, silabasi, buku la mphunzitsi, kapena ma past paper a MANEB?

Silabasi ndiye mwini nkhani. Buku la mphunzitsi ndi la ophunzira ndi njira imodzi yofikira pomwe silabasi ikuloza, nzabwino ndipo zitsatireni, koma chitsanzo cha mbuku chikakhala chachilendo kwa ana anu musinthe, palibe amene angakuimbeni mlandu. Ma past paper ndi oyesera kumapeto, si ophunzitsira poyamba. Ku Sitandade 8 timapanikizika ndi PSLCE ndipo chiyeso chongoloweza mayankho a zaka zammbuyo chimakula, koma MANEB ikangotembenuza chithunzi, thirayango yomweyo kuigoneka chammbali, mwana woloweza amasowa kuti height ili pati.

Mwana akupeza nambala yolondola koma amalemba cm mmalo mwa cm². Ndimudule malikisi?

Ine ndimadula, koma ndimayamba ndamufotokozera chifukwa chake, poti si nkhani ya kuiwala ka 2 kokha. Sentimita ndi kamzere, sikweya sentimita ndi kabokosi, nde amene walemba 15 cm wandiuza za chingwe pomwe ndinafunsa za mphasa. Ndimawaletsanso kuwerenga kuti sentimita thuu, azinena kuti masikweya sentimita 15.

Pomwe pamagwa ambiri, ngakhale akuluakulu, mposintha mayunitsi. Mwana amadziwa kuti mita imodzi ndi masentimita 100 nde amangoti sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 100. Jambulani sikweya mita pansi ndi choko pakona ya kalasi, isiyeni pompo sabata yonse. Yalani masikweya a katoni a 10 cm aja, alowa 10 pa mzere, mizere 10, onse 100. Tsono katoni iliyonse payokha ili ndi timasikweya sentimita 100. Mwana akataimusa yekha nkupeza 10,000 amayang'ananso pansi paja kawiri. Sikweya mita yojambulidwayo imathandizanso kuti akhale ndi chithunzi mmutu, azitha kuona kuti yankho loti chipinda chogona ndi masikweya mita 1,200 silingakhale loona.

Nanga thirayango, parallelogram, trapezium ndi seko, nazonso zingaphunzitsidwe popanda kuloweza?

Zonse, ndi pepala ndi sizasi basi. Dulani rekitango kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anana nayo, mwapeza mathirayango awiri ofanana, sanjikizani aone kuti ndi ofananadi, nde theka la mu fomyula ya thirayango, ½ × base × height, lachokera pamenepo. Parallelogram dulani kathirayango ka mbali imodzi mukamatike mbali inayo, yasanduka rekitango, ndipo mwana amaona ndi maso kuti mulifupi wa rekitangoyo si mbali yopendekeka ija koma kutalika koongoka. Iyi ndi mfundo yomwe imadyetsa ana malikisi ambiri, amatenga mbali yopendekeka ngati height, choncho muzijambula zithunzi zomwe zili ndi manambala onse awiri kuti azolowere kusankha. Trapezium dulani awiri ofanana, mmodzi mumuzondotse, muwagundanitse, apanga parallelogram yomwe tsinde lake ndi mbali ya pamwamba ndi ya pansi ya trapezium kuphatikiza, kenako theka.

Seko ndiye imakoma. Jambulani ndi chivindikiro cha poto, dulani tizidutswa 16 ngati mmene timadulira keke, muyale mosinthanitsa, kena nsonga mmwamba kena nsonga pansi. Chomwe chimatuluka chimafanana ndi rekitango, mulifupi wake ndi radius (mzere wochoka pakati pa seko kufika mmphepete), mulitali wake ndi theka la mzere wozungulira seko. Kuchoka apo πr² sikhalanso matsenga. Yambani ndi radius ya 7 cm pogwiritsa 22/7 ngati π kuti samu isawalemere, area ituluka masikweya sentimita 154, ndipo muwakumbutse kuti r² ndi 7 kutaimusa 7 osati 7 kutaimusa 2, chifukwa apa pokha theka la kalasi limatha kugwa.

Pali samu ija ya kanjira kozungulira dimba, ana anga imawavuta kwambiri

Imavuta chifukwa sajambula. Dimba la mamita 20 ndi 12, kanjira ka mita imodzi kuzungulira kunja. Ambiri amawonjezera 1 yekha nkupeza 21 ndi 13, kuiwala kuti kanjira kali uku ndi uku. Zoona zake ndi 22 ndi 14, zomwe ndi 308, kuchotsa 240 ya dimba, kanjira ndi masikweya mita 68. Lamulo langa mkalasi nlakuti samu yotere sindichonga ngati palibe chithunzi.

Ndi zitsanzo ziti zapakhomo zomwe zimagwira mtima ana?

Za kumunda zimaposa zonse, makamaka sukulu za kumudzi, chifukwa mwana amamva makolo akunena za maekala tsiku ndi tsiku koma sanauzidwepo kuti ekala ndi area. Hekitala imodzi ndi sikweya ya mamita 100 mbali zonse, masikweya mita 10,000. Ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, nde hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka kuchepera pang'ono. Kuyeza kuja kwa mapazi aakulu 70 uku ndi 70 uku komwe alimi amachita kukuchokera pomwepa, poti ekala ndi masikweya yadi 4,840 ndipo 70 kutaimusa 70 ndi 4,900, pafupi kwambiri.

Kwa ana a Sitandade 7 ndi 8 ndimakonda samu ya kabzalidwe ka Sasakawa. Mizere imatalikirana 75 cm, mapando 25 cm, mbewu imodzi pa phando. Ndiye kuti chimanga chilichonse chili ndi kamalo kake ka 0.75 kutaimusa 0.25, komwe ndi 0.1875 ya sikweya mita. Gawani 10,000 ndi nambala imeneyi mupeza mapesi pafupifupi 53,333 pa hekitala. Mwana amene wapeza yekha nambala imeneyi amakafotokoza kunyumba madzulo, ndipo mawa lake amabwera ndi funso lochokera kwa agogo ake loti nanga munda wathu uja ungalowe angati.

A mtauni apatseni za matailosi ndi penti. Chipinda cha mamita 4 ndi 3, matailosi a 40 cm mbali zonse, chipinda ndi masikweya mita 12, tailosi imodzi ndi 0.16, afunika 75. Muwafunsenso chifukwa chomwe mmisiri amagula ochulukirapo, akambirane za odulidwa mmphepete ndi osweka. Mukafuna manambala aakulu, dziko lathu la Malawi ndi masikweya kilomita pafupifupi 118,000 kuphatikizapo madzi, izi zimalumikizana bwino ndi phunziro la Social.

Ndiziphunzitsa mu Chingerezi chokhachokha kapena ndisakanize?

Ku sinia mabuku ndi mayeso a masamu ali mu Chingerezi, choncho mawu ngati length, width, base, height, shaded part ayenera kuwazolowera, ndipo ine ndimawalemba pa tchati chomwe chimakhala pakhoma mutu wonse. Koma mfundo ikakanirira ndimaimasula mu chiyankhulo chomwe ana akumva, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao malinga ndi dera, kenako tibwerere ku Chingerezi. Mmagulu ndimawasiya akambirane momasuka, pofotokoza kutsogolo ndi polemba ndiye ayesetse Chingerezi. Ana ambiri amene timati sadziwa masamu vuto lawo limakhala loti funso sanalimve.

Ndingadziwe bwanji kuti amvadi, poti ntchito ya mkope ambiri amakhoza?

Ntchito ya mkope yofanana ndendende ndi chitsanzo cha pa bolodi imangoonetsa kuti mwana amatha kutsanzira. Tembenuzani funso. Mmalo mopereka mbali nkufunsa area, perekani area, muwauze ajambule marekitango atatu osiyana omwe area yake ndi masikweya 24. Amene wamva ajambula 6 ndi 4, 8 ndi 3, 12 ndi 2 mosavuta, amene analoweza angokhala. Kapena lembani yankho lolakwa pa bolodi, muti mwana wina anapeza kuti rekitango ya 6 cm ndi 4 cm area yake ndi 20 cm, walakwitsa pati. Pamenepa pali zolakwika ziwiri, wapeza perimeter ndipo yunitsi ndi ya mzere, muone angati aziona zonse.

Ndi kalasi yaikulu simungachonge makope 100 tsiku lililonse, nde funso limodzi lotere kumapeto kwa phunziro, aliyense alembe pa kapepala kapena pa sileti akweze mmwamba, mukangoyang'ana mwadziwa kale ngati mawa mupitirire kapena mubwereze. Zomwe mwaonazo mulembe mu rekodi moona mtima, ngati theka silinamve lembani choncho, chifukwa danga limenelo ndi lokuthandizani inuyo pokonza phunziro lotsatira.

Teremu yatsala pang'ono kutha ndipo ndatsalira pa sikimu, area ndiidumphe kapena ndiithamangitse?

Musaidumphe, chifukwa volume ndi surface area kutsogoloku zikudalira yomweyi, ndipo ku sekondale aphunzitsi amangoganiza kuti ana anabwera nayo kale. Ngati mwatsala ndi masiku atatu okha, loyamba likhale la kuyala masikweya mpaka fomyula ya rekitango ituluke, lachiwiri la chingwe cha mamita 24 ndi mayunitsi, lachitatu la kudula mapepala pa mawonekedwe omwe silabasi ya kalasi yanu yatchula. Masamu olemba ambiri apite ngati ntchito ya kunyumba, muwauze akayeze chipinda chomwe amagona kaya kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi mapazi, abwere ndi chithunzi ndi yankho. Zomwe sizinatheke mulembe mu rekodi ndipo mumuuze pakamwa mphunzitsi amene adzawalandire chaka chamawa kuti ana awa trapezium ndi seko sanafike, adzayambire pamenepo.